Amene Ankalondola Mapazi

Mphwanga amene akuphunzira ku Darwin ananditumizira chithunzi pa WhatsApp sabata yatha. Chinali chikumbutso cha asilikali pamwamba pa chitunda ku Timber Creek, kumpoto kwa Australia. Ndinachitsegula ndili m'minibasi, tikuyandikira chipilala chathu cha asilikali a King's African Rifles (KAR) pafupi ndi Cobbe Barracks ku Zomba, ndipo ndinauza kondakitala kuti anditsitse pomwepo, za kumsika zidikire.

Ndege za Japan zitaphulitsa Darwin pa 19 February 1942, boma linaopa kuti adani akocheza mwakachetechete pagombe lalitali lija. Linakhazikitsa gulu la azondi pafupifupi 550, lotchedwa North Australia Observer Unit, likulu lake ku Katherine. Anzawo ankangowatcha Nackeroos, ndipo chikumbutso cha ku Timber Creek chija n'chawo. Wowatsogolera, W.E.H. Stanner, anali wophunzira za miyambo ya anthu. Ankayenda pa akavalo, atanyamula wailesi, ntchito yawo kuzonda ndi kutumiza uthenga basi.

Koma mlendo angazonde bwanji dziko limene sadziwa pomwa madzi? Anadalira eni nthaka, Aaborijini 59 amene analembedwa ntchito m'gululo. Iwowa ndiwo ankadziwa potunga madzi m'chilimwe, powoloka popanda ng'ona, muzu wodyedwa ndi muzu wakupha. Ku dera la Arnhem Land, Donald Thomson, nayenso wophunzira za miyambo ya anthu, anasonkhanitsa amuna a fuko la Yolngu pafupifupi 50, onyamula mikondo, kuti azilondera gombe. Malipiro awo anali fodya. Ndalama ndi mamendulo zinadzabwera mu 1992, ambiri atagona kale.

Za fodyazi ndi zimene zinanditsitsa m'minibasi muja. Agogo anga aamuna, mlenje wa kufupi ndi Nyanja ya Chilwa, ankagwada panjira, kukhudza phazi la nguluwe ndi chala, n'kunena kuti yadutsa m'bandakucha ndipo ikutsimphina. Ife ana tinkaseka, mpaka titaipeza. Lusoli anaphunzira kwa bambo awo, amene anagwidwa kukakhala mtengatenga pa nkhondo ya Jeremani ya 1914 mpaka 1918. Ankati bambowo anapita kukasenza mabokosi a zipolopolo, koma gulu likasochera m'thengo, mzungu ankawachotsa katundu pamutu n'kuwaika patsogolo. Njira ikapezeka, bokosi linkabwerera pamutu. Agogo ankafotokoza zimenezi akuseka, ndipo sindinamvetse chimene chinkawaseketsa.

Ndinazungulira chipilala chija kawiri, ndikuwerenga mayina a asilikali amene anafa. La kwathu ndinkadziwa kuti palibe, poti mwini wake anabwerera wamoyo, wowonda ngati bango, n'kudzafera pamphasa yake. Ndinawerengabe.

Ndamuuza mphwanga kuti akadzapitanso ku Timber Creek akajambule zolembedwazo pafupi, mzere uliwonse, ndione amene anatchulidwa. Wayankha kuti ndi ulendo wa tsiku lathunthu, mwina pa tchuthi. Tomato ndinagula madzulo, atakwera kale mtengo.