Ayi wa ku Mysuru

Inu amene mwaona kale kavidiyo kaja pa WhatsApp, kondionetsa ndikukuwa "ayi" pamaso pa anthu, sekani ndithu, koma mumve kaye mbali yanga.

Anayambitsa ndi agogo a panyumba pomwe ndimachita lendi kuno ku Mysuru, ku India. Anandimva ndikuimba m'bafa, basi n'kugamula kuti pa Navaratri, chikondwerero cha masiku 9 cholemekeza mulungu wawo wamkazi Durga, ndidzalakatule nawo Mahishasura Mardini Stotram. Ndi nyimbo ya Chisanskrit yotamanda mayiyo chifukwa chopha chiwanda chooneka ngati njati, chomwe dzina la mzinda uno linachokerako. Ine mwana wokulira m'kwaya ndinati zazing'ono izi.

Palibe anandiuza kuti liwu loyamba la nyimboyo ndi "ayi": imayamba kuti "ayi giri nandini". Kwa iwo ndi liwu loitanira chabe. Kwa ine wa ku Dedza, ayi ndi ayi.

Tsiku loyamba, ndangoti nditsegule pakamwa, agogo: "Ayi..." Ndinatseka. Ndinakhosomola, ndiyambenso. "Ayi..." uku akupukusa mutu. Abale, kupukusa mutu kuno ndi kuvomereza! Ndimadziwira kuti? Ndinasintha kakhalidwe. Ndinapinda miyendo mpaka dzanzi linafika m'chiuno. Ndinapepesa. Ndinanunkhiza m'khwapa mobisa, mwina vuto ndi limenelo. Iwo akudikira kuti ndibwereze, ine ndikudikira kuti asiye kundikana. Tinayang'anizana choncho mphindi 40, mdzukulu wawo akugubuduka pansi ndi phwete.

Zitamveka, ndinayeserera milungu iwiri, lilime kuchita kutupa. Mzere umodzi umatha mpweya wonse, ndipo ndime iliyonse imathera pa mzere woyamba ndi "jaya jaya he", pokhapo pomwe ndinkakuwa molimba mtima.

Usiku wake, pabalaza zidole zitandandalikidwa pamasitepe monga amachitira kuno, lubani ali tolotolo, azimayi a masari adzaza mpaka pakhomo. Agogo anandikodola. Ndinakoka mpweya n'kutulutsa "AYI!" weniweni wa kwathu, uja timakanira munthu wobwereka ndalama pa 20 mwezi usanathe. Dzanja linadzikweza lokha. Mawu otsatira anathawa. Zii. Ndinabwereza: "Ayi!" Mayi wina amene amandipatsira nthochi anaibweza m'mbale. Kachitatu kanatuluka kachisoni, ngati mbuzi yomangidwa pa njinga. Apo ndi pomwe kavidiyoko kathera, ndipo wojambulayo ndikumudziwa.

Chomwe sanajambule n'chakuti azimayi aja anandinyamula ndi mawu awo mpaka ndime yoyamba inatha, ndipo phala lotsekemera la payasa anandigawira kawiri. Komanso ndime zilipo zoposa 20. Mdzukulu woseka uja ndinamuuza anene "phwetekere", mpaka lero akulimbana nayo.

Dzulo agogo ati chaka chamawa tikaimbire kukachisi pa phiri la Chamundi, tikwere wapansi masitepe aja oposa 1,000. Ndinayankha kuti ayi. Iwo anamwetulira n'kupitiriza: "...giri nandini."