Tiger wanga wa ku Siavonga

Abale amene munandiona ndikutsitsidwa mu minibasi pa Kafue Road ndili ndi cooler box pamutu, chonde siyani kufalitsa zoti ndinaledzera. Nkhani yake ndi iyi.

Mu 2024 alamu anga ananditenga ku Siavonga kukawedza pa Kariba. Ine kwathu ndi ku Katete, nsomba ndimaidziwira pa msika wa Soweto ili kale pa tebulo yowaza mchere, ndiye musandifunse kuti mbedza ndinaiponya bwanji. Koma china chake chinakoka chingwe mpaka ndinatsala pang'ono kuchitsatira m'madzi, kenako chinalumpha m'mwamba, nsomba ya tiger! Mizere yakuda m'mbali, kumchira kofiira, mano onse panja ngati landilodi pa 1. Mnyamata wa boti anandithandizako pang'ono (alamu amati anakoka yekha ine ndikungokuwa, musawamvere, ndi nsanje).

Tsono abwana athu kuntchito ali ndi mutu wa njati pakhoma, aliyense akalowa mu ofesi amayamba wapatsa moni njatiyo. Ndinati nanenso pa Chawama pano anthu andidziwe. Ndinapeza nambala ya mkulu wina wa taxidermy, aja amakonza zikopa ndi mitu ya nyama kuti zizioneka zamoyo, anandiuza pafoni kuti musaitumbule, musaichotse mamba, ikulungeni mu thaulo yonyowa ndi pulasitiki muike mu firiza, mubwere nayo mukapeza dipoziti. Mtengo wake sinditchula, amake Chisomo amawerenga zomwe ndimalemba.

Kufika kunyumba amake Chisomo aika kale poto pa mbaula, tomato adula. Ndinati ayi mayi, iyi si ndiwo, iyi ndi mbiri ya banja. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ati "atate ake Chisomo, ana adye soya nsomba ili mu firiza itafunda thaulo yanga?" Ndinati eya. Nkhuku zomwe zinali mu firizamo tinakasungitsa kwa aneba kuti bwana tiger agone motambasuka.

Mukukumbuka chaka chimenecho mvula inakana, madzi pa Kariba anatsika ndipo magetsi ankabwera kwa maola ochepa, nthawi zina pakati pa usiku anthu tili mtulo. Ndiye onani chipongwe chake, nyanja yomwe inandipatsa nsomba ndi yomweyonso inandizimitsira firiza. Ine ndinkangoti bola osatsegulatsegula, kuzizira kukhala momwemo. Kenako kunagwa maliro kumudzi, tonse ulendo ku Katete, nyumba tinakhoma, kutentha kwa Okutobala kuli pachimake.

Pobwera tinapeza anthu ali pakhomo pathu, ena atagwira mphuno, azimayi ena atamanga kale zitenje. Alandilodi anali ataitana acheyamani, akukambirana zothyola chitseko poganiza kuti m'nyumbamo mwafera munthu. Atandiona ndikutsika ndi chikwama mayi wina anakuwa "ali moyo!" ndipo sindinadziwe ngati akusangalala kapena wakhumudwa. Agalu a mu komboni yonse anali pamzere. Nditatsegula firiza, abale, ntchentche zinachita kubwera ndi abale awo a ku Kanyama.

Munthu wanzeru akanakumba dzenje. Ine ndinati amisiri aja ndi akatswiri, aona zambiri, ndinathira mchere paketi yonse ndi pafyumu wa amake Chisomo, kuika mu cooler box, kumata ndi tepi, ulendo. Mu minibasi tisanapite patali anthu anayamba kuyang'anana, agogo ena anayamba kudzudzula mwana wa eni ake wosalakwa, dalaivala anatsegula mawindo onse koma zinangoipiraipira. Kondakitala ananunkhiza mpando ndi mpando mpaka anafika pa ine, ati "bosi, mwanyamula ndani umu?" Anandibwezera ndalama yanga yonse, kondakitala wa mu Lusaka kubweza ndalama osapemphedwa, ndipo ndinatsala pamsewu. Kotsalako ndinayenda wapansi.

Kwa amisiri kuja ndi kwina. Mitu ya mphalapala ndi ngoma ili ndandanda pakhoma, maso a galasi ali m'mbale, fungo la mankhwala. Anandifotokozera kuti nyama yakutchire sailandira popanda mapepala a laisensi ochokera ku DNPW, a boma oyang'anira nyama zakutchire aja tinkawati ZAWA kale, ndipo chikopa amachisenda, kuchithira mchere, kuchifufuta, kenako kuchiveka pa chidole chooneka ngati nyamayo, ntchito ya miyezi. Ine ndikungogwedeza mutu monyada ngati mlenje mnzawo. Anatsegula bokosi langa, anatseka pompo, anatuluka panja kaye.

Atabwera anati "akulu, apa palibe chikopa, pali supu. Koma musadandaule, masiku ano nsomba zambiri sitigwiritsa chikopa chake, timaumba ya fiberglass ndi kuipenta. Timangofuna chithunzi, kutalika kwake ndi kunenepa kwa pamimba. Azungu ambiri amaijambula ndi kuibwezera m'madzi, ena amadya."

Amadya. Ndinakhala pansi. Ndinawafunsa chifukwa chake sanandiuze pafoni, ati inu munalimbikira kuti mukufuna yeniyeni ya mano ake omwe.

Chabwino, chithunzi chilipo, alamu anajambula. Tinatsegula foni. Nkhope yanga yonse ilipo ndikuseka mpaka mano a kumapeto, boti lilipo, phiri lilipo, pomwe panali nsomba pali chala cha alamu. Kutalika sitinayeze, ndinangotambasula manja kuwaonetsa, mkulu uja anati imeneyo ndi ng'ona.

Anandimvera chisoni, anandiyeretsera chibwano chokha ndi mano ake ndi kuchimata pa kathabwa. Ndinachipachika pa sitting room pamwamba pa TV. Sabata yomweyo apongozi anabwera kuchokera ku Chipata, anangolowa, kuyang'ana pakhoma, kubwerera chambuyo. Madzulo ake kunyumba kunadzaza azimayi a mapemphero, ati mkamwini wayamba zamankhwala. Kathabwa kanga anakatentha kuseri kwa nyumba akuimba, ndipo nkhuku zija aneba akuti nazonso zinaonongeka ndi magetsi, ngakhale ana awo anenepa.