Sabata yofufuza bastnäsite m'miyala ya carbonatite

Lolemba tinayala pa matebulo mabokosi a miyala yochokera ku drilu. Ndi core (mwala wautali wobulungira ngati ndodo womwe drilu imatulutsa) ya saizi yotchedwa HQ, yonenepa mamilimita 63.5, yobooledwa mu carbonatite, thanthwe lomwe linakwera kuchokera pansi pa dziko lili phala lamoto, ndipo kuposa theka lake ndi carbonate. Bastnäsite, mwala wokhala ndi zitsulo zotchedwa rare earth, imakonda kukhala m'thanthwe lotereli, monga ku Mountain Pass ku California ndi ku Bayan Obo ku China. Dzina loti bastnäsite linachokera ku mgodi wa Bastnäs ku Sweden. Mu bastnäsite muli zitsulo za cerium, lanthanum ndi neodymium, komanso fluorine, ndipo ikakhala yosasakanikirana, rare earth oxide (zitsulozi zitalumikizana ndi oxygen) amafika pafupifupi magawo 75 pa 100 a kulemera kwake.

Lachiwiri inali ntchito ya maso. Mwala umayamba wanyowetsedwa, chifukwa ukauma zonse zimaoneka mbuu. Pa galasi lokuza kakhumi, bastnäsite imaoneka yachikasu ngati uchi, pena yofiirira, timadontho tokhala m'mitsempha yopyapyala. Dontho la hydrochloric acid wa 10 peresenti limachita thovu lambiri pa calcite, pang'ono pa dolomite (yonseyi ndi miyala ya carbonate), koma pa bastnäsite limangokhala phee.

Vuto linabuka Lachitatu. Kachipangizo ka m'manja ka XRF, koyeza zomwe zili m'mwala pogwiritsa ntchito X-ray, kanaonetsa lanthanum ndi cerium wochuluka pa mamita anayi omwe maso sanaonepo kanthu. Wolakwa anali baryte, mwala wina wokhala ndi barium. Barium wa mu baryte amatulutsa chizindikiro choyandikana kwambiri ndi cha lanthanum ndi cerium, moti kachipangizoka kamazisokoneza. Kupima ndi dzanja nako sikuthandiza: baryte imalemera kuchulukitsa ka 4.5 kulemera kwa madzi a kukula komweko, bastnäsite pafupifupi 5, pomwe calcite ndi 2.7 chabe. Baryte ndi bastnäsite zimakhalira limodzi kawirikawiri, ndiye manambala a XRF ndi ongolozera pofunika kudula; asalowe mu lipoti.

Lachinayi ndi Lachisanu tinadula core pakati m'litali ndi sowo ya dayamondi, madzi akuthira kuti fumbi lisauluke, popeza miyalayi imakhala ndi thorium, yemwe amatulutsa radiation yoopsa. Theka limatsala m'bokosi, linalo limalowa m'thumba, mita imodzi thumba limodzi, ndipo pa matumba 20 alionse timaikapo limodzi la mwala wopanda kanthu kuti tigwire ngati makina operera aipitsa zitsanzo. Ku labotale tinapempha kuti asungunule zitsanzo ndi mankhwala a lithium borate asanaziyeze pa makina a ICP-MS, chifukwa asidi yekha amasiya monazite ndi zircon zina, miyala yomwe nayonso imasunga rare earth, zosasungunuka, manambala n'kutsika.