Pomwe ndafika ndi mafilimu a Steve James: 1979 mpaka 1990

Ntchito yomwe ndinadzipatsa, yoonera mafilimu a Steve James, katswiri wa mafilimu andewu wa ku America, motsatira zaka zomwe anatuluka, yafika tsopano pa chaka cha 1990, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndilembe zomwe zili m'kope langa ndisanalowe m'zaka zomaliza za moyo wake. Kachitidwe kanga sikanasinthe. Filimu iliyonse ndimaionera yonse, ngakhale iye atangotulukiramo pang'ono, kenako ndimabwereza zigawo zomwe iye alimo n'kulemba dzina la munthu amene akusewera, zomwe munthuyo akuchitira mwini filimu (amene nkhani yonse yagona pa iye), komanso momwe akuthera nkhani ikamafika kumapeto. Gawo lomalizali ndi lomwe landidyera masamba ambiri.

Ambiri a ife tinamudziwa ndi dzina loti Jackson, mnzake wa Joe mu American Ninja, m'masiku omwe dziko lino linalibe wailesi ya kanema yakeyake ndipo mafilimu tinkaonera m'nyumba za vidiyo titapanikizana pa mabenchi. Iye anabadwira mumzinda wa New York mu February 1952, bambo ake anali woimba lipenga, ndipo ntchito ya mafilimu anaiyamba ngati munthu wochita mbali zoopsa, monga kugwa ndi kumenyedwa, m'malo mwa akatswiri odziwika. Mu The Warriors ya 1979 ali m'gulu la Baseball Furies, anyamata opaka utoto kumaso ndi onyamula zibonga, moti pamafunika kuimitsa chithunzi kuti umuzindikire. Pa filimu imeneyi ndinangolembapo mzere umodzi.

The Exterminator ya 1980, yomwe anakonza James Glickenhaus, ndi pomwe nkhani yeniyeni ikuyambira. Filimuyi inatuluka pa nthawi yomwe New York inali itatchuka ndi umbanda: mu 1975 boma la mzindawu linatsala pang'ono kulephera kubweza ngongole zake, mu July 1977 magetsi atazima usiku anthu anathyola mashopu ambirimbiri, ndipo Death Wish ya Charles Bronson, yomwe inatuluka mu 1974, inali itasonyeza kale kuti anthu adzalipira ndalama kuti aone munthu wamba akulanga yekha zigawenga zomwe apolisi ndi makhoti alephera. James akusewera ngati Michael Jefferson, mnzake wa John Eastland, amene akuseweredwa ndi Robert Ginty. Ku nkhondo ya ku Vietnam, awiriwa atagwidwa ndi adani, amene akumasuka n'kupulumutsa mnzake ndi Jefferson. Atabwerera kwawo n'kuyamba ntchito pamalo osungira katundu, Eastland akupeza anyamata a gulu la Ghetto Ghouls akuba mowa, iwo akumuchulukira, ndipo amene akubwera kudzamulanditsa ndi Jefferson yemweyo. Choncho filimu isanapite patali woonera waona kawiri konse kuti pa awiriwa wamphamvu ndi wochenjera pa ndewu ndi uti. Koma anyamata aja akumubisalira Jefferson pamsewu n'kumuvulaza msana ndi chitsulo chokolera nyama, ndipo kuyambira pamenepo iye wagona m'chipatala osatha kusuntha kapena kulankhula, pomwe Eastland akuyendayenda mumzinda kubwezera.

Chigawo chomwe ndinabwereza kwambiri ndi cha m'chipatala, pomwe Eastland akufunsa mnzakeyo ngati akufuna kuti makina omuthandiza kupuma azimitsidwe, ndipo yankho likubwera ndi kuphethira kwa maso basi. Munthu amene anatchuka chifukwa cha thupi lake ndi liwu lake lalikulu apa walandidwa zonse ziwiri, koma chigawocho n'chake ndithu. Glickenhaus ankafuna chifukwa chomveka choti munthu wofatsa ngati Eastland asanduke wakupha, ndipo chifukwacho chikanakhala chopepuka Jefferson akanakhala munthu wosakondedwa ndi woonera. James anapatsidwa mphindi zochepa kuti atikope mtima, anakwanitsa, ndipo malipiro ake anali kuchotsedwa m'nkhani.

Mu Vigilante ya William Lustig, yomwe inapangidwa mu 1982, mbali yake ndi yaing'ono, ya wapolisi wotchedwa Gibbons. Filimuyi ndimailemekeza pa chifukwa china, chakuti inasonkhanitsa anthu ambiri a ntchito yofanana ndi yake. Robert Forster ndi Eddie Marino, wogwira ntchito pa fakitale amene zigawenga zamuphera mwana, ndipo woweruza wolandira ziphuphu atamasula mtsogoleri wa zigawengazo, amene akupita kundende kwa masiku 30 ndi Eddie yemweyo chifukwa chonyoza khoti. Fred Williamson akutsogolera kagulu ka anthu olanga okha zigawenga, Joe Spinell ndi loya wachinyengo, ndipo Woody Strode, ali wokalamba kale, ndi mkaidi amene akuteteza Eddie m'ndende. Pakati pa anthu otere James anali akadali wamng'ono pa ntchito, koma akakhala pa chithunzi maso samulambalala.

Mafilimu awiri otsatira ndi omwe ndingapatse munthu amene amaganiza kuti James ankangodziwa kuponya mateche. Mu The Brother from Another Planet ya John Sayles, ya 1984, iye ndi Odell, mwini bala ku Harlem mumzinda wa New York, munthu wodekha amene ntchito yake ndi kumvetsera macheza a makasitomala ake. Mu To Live and Die in L.A. ya William Friedkin, ya 1985, ndi Jeff Rice, chigawenga chomwe chikulandira ndalama zachinyengo kwa Rick Masters, amene ndi Willem Dafoe, kuti chikonze zopha munthu wina m'ndende. Chiwembucho chikulephereka, Masters akubwera kudzaitanitsa ndalama zake, ndipo Rice akuphedwa m'nyumba mwake. Kupatula kambali kaja ka mu The Warriors, aka n'koyamba m'ndandanda wanga kumuona ali kumbali ya oipa, ndipo kunyada komwe akulankhula nako pamaso pa Dafoe kukusonyeza kuti akanatha kudya bwino ndi mbali zoterezi akanafuna.

Kenako pakubwera zaka za kampani ya Cannon, ya Menahem Golan ndi Yoram Globus, yomwe inkatulutsa mafilimu andewu otsika mtengo motsatizana. American Ninja ya 1985, yokonzedwa ndi Sam Firstenberg ndi kujambulidwa ku Philippines, ndi yomwe inamufikitsa James kutali mpaka kwathu kuno. Iye ndi Corporal Curtis Jackson, wophunzitsa asilikali ndewu, amene akuputa Joe Armstrong pamaso pa anzake. Joe, amene ndi Michael Dudikoff, akumugonjetsa mobwerezabwereza, mpaka akugwada pansi atavala ndowa kumutu kuti asaone, komabe Jackson akalumpha ndi ndodo akupezeka ali pansi. Chomwe ndinalemba m'kope ndi zomwe zikuchitika pambuyo pake: Jackson akudzuka, akuseka, akupereka dzanja, ndipo kuchokera pamenepo filimu yomwe inali yozizira ikuyamba kutentha. Dudikoff anapatsidwa munthu wosalankhulalankhula amene waiwala mbiri yake, motero nthabwala, mkwiyo ndi chisangalalo chonse cha filimuyi zinatsala m'manja mwa James, amenenso anali ataphunzira kale masewera a ndewu pomwe mnzakeyo analowa m'filimuyi alibe luso lotere. Kumapeto ndi Jackson amene akuphulitsa helikopita ya mdani. James m'mafilimu amenewa ali ngati mafuwa, omwe amasenza mphika pamoto koma pa nthawi ya chakudya palibe amawatchula.

The Delta Force ya 1986, ya Chuck Norris ndi Lee Marvin, sinamupatse zambiri kupatula kukhala mmodzi wa asilikali, ndipo ndinaidutsa mwachangu. Avenging Force ya chaka chomwecho ndi nkhani ina. Firstenberg anawaphatikizanso ndi Dudikoff, koma ulendo uno James ndi Larry Richards, wandale wachikuda wa ku New Orleans amene akupikisana nawo pa mpando wa m'nyumba ya malamulo ya senate, ndipo gulu lachinsinsi la azungu olemera atsankho lotchedwa Pentangle latsimikiza zomupha. Pa chikondwerero cha Mardi Gras achiwembu akuwombera galimoto yomwe iye wakwera ndi banja lake n'kupha mwana wake mmodzi, ndipo filimu isanathe iye ndi banja lonse aphedwa pa chiwembu china pomwe nyumba ikuyaka. Apa James wavala suti, akulankhula ngati mtsogoleri, akulira ngati bambo, ndipo akavula malaya kuti amenyane palibe chokayikitsa. Ine ndimaiona ngati ntchito yake yabwino koposa m'zaka za Cannon. Komabe kamangidwe ka nkhani ndi kaja ka The Exterminator: tsoka lagwera munthu wachikuda ndi banja lake, koma wobwezera, amene akutsala mpaka kumapeto m'madambo a ku Louisiana, ndi mnzake wachizungu.

American Ninja 2 ya 1987 imanena za chilumba cha ku Caribbean, koma inajambulidwa ku South Africa pa nthawi ya ulamuliro wa tsankho, pomwe makampani ena a mafilimu ankathamangira kumeneko chifukwa cha kutsika kwa mitengo ndi kuchepetsedwa kwa misonkho. Zimenezi zimandivuta kuziiwala ndikamaona Jackson akugwetsa anthu m'bala uku akuseka. Mufilimuyi iye wakula mpaka kufanana ndi Dudikoff, ndipo ndewu zake ndi zomwe zili ndi moyo. Umboni waukulu wa momwe Cannon inkamuonera uli mu American Ninja 3 ya 1989. Dudikoff sanabwerere, ndipo munthu amene oonera anali atamuzolowera m'mafilimu awiri analipo kale, koma kampaniyo inakatenga munthu watsopano, David Bradley, n'kumupatsa udindo wa mwini filimu, Jackson n'kukhalanso wothandizira. Mu gawo lachinayi James mulibemo. Pakati pa zaka zimenezi pali I'm Gonna Git You Sucka ya Keenen Ivory Wayans, ya 1988, momwe iye, ngati Kung Fu Joe, akuseka mtundu womwewo wa mafilimu omwe ankamudyetsa, ndipo zikuoneka kuti ankasangalala nazo kwambiri.

Masabata apitawa ndakhala pa mafilimu awiri omwe pomaliza iye ndi mwini filimu. Riverbend ya 1989, ya Firstenberg yemwe uja, ikunena za asilikali atatu achikuda omwe athawa mlandu wa kukhoti la asilikali n'kufika m'tauni ina ya ku Georgia mu 1966, komwe akuphunzitsa anthu achikuda kudziteteza kwa mkulu wa apolisi wankhanza. Kope lomwe ndinapeza ndi lochokera pa tepi ya VHS, lakuda moti zigawo za usiku ndinkazitsatira ndi makutu, koma ngakhale choncho zikuonekeratu kuti James akutha kusenza filimu yonse. Chosiyana ndi mafilimu ena aja n'chakuti kubwezera kuno si kwa munthu mmodzi wokwiya, koma kwa mudzi wonse womwe lamulo lautaya. Street Hunter ya 1990 anailemba nawo yekha pamodzi ndi John A. Gallagher amene anaikonza, ndipo akusewera ngati Logan Blade, yemwe kale anali wapolisi ndipo tsopano amasaka anthu othawa milandu m'misewu ya New York. John Leguizamo, ali wachinyamata, ndi mtsogoleri wa zigawenga, ndipo Reb Brown ndi msilikali waganyu. Kunena zoona filimuyi ndi yosauka: kuwala n'kochepa, malo ojambulira ndi obwerezabwereza, ndipo nkhani ikutsimphina pakati. Mwayi wokhala patsogolo unamupeza pomwe ndalama za mafilimu amtunduwu zinali zitayamba kuuma ndipo Cannon yomwe inali itagwa kale m'mavuto a zachuma, choncho mafilimu awiriwa sanafike kwa anthu ochuluka ngati omwe anamuona akunyamulira ena zida.

Otsala pa ndandanda wanga ndi ochepa, chifukwa James anamwalira ndi khansa pa 18 December 1993 ali ndi zaka 41 zokha. Wotsatira ndi McBain ya 1991, momwe anabwererananso ndi Glickenhaus, pambali pa Christopher Walken, ndipo munthu amene akusewera akutchedwa Eastland, dzina la mnzake uja wa mu The Exterminator. Ndikufuna kuziona ziwirizi motsatizana tsiku limodzi kuti ndifananize momwe wokonza mmodzi anamugwiritsira ntchito patadutsa zaka 11. Pambuyo pake padzatsala Weekend at Bernie's II ya 1993 ndi Bloodfist V ya Don Wilson, yomwe inatuluka iye atamwalira kale. Mafilimu awiri a pa wailesi ya kanema a C.A.T. Squad, omwe anapanga ndi Friedkin mu 1986 ndi 1988, ndinawadumpha chifukwa makope omwe ndinapeza anali osaoneka bwino, ndipo masamba awo m'kope ndawasiya opanda kanthu mpaka nditapeza abwinopo.