Mtembo wa ku Stepney: pomwe nkhani yanga yafika

Gawo loyamba latha, ndipo mtembo tsopano uli patebulo la dokotala. Kwa inu amene mwangoyamba kumene kutsatira zolembazi, ndikulemba nkhani yopeka m'Chichewa ya wapolisi wa ku Scotland Yard, likulu la apolisi a ku London, amene akufufuza imfa ya telala wachiyuda ku Stepney, kum'mawa kwa London, mu Okutobala 1940. Ndege za Germany zinayamba kuphulitsa mzindawu pa 7 Seputembala chaka chimenecho, ndipo zinabwera usiku 57 motsatizana. Kukacha anthu ankafukula mitembo m'mabwinja. Telala wangayu anapezeka pakati pa mitembo imeneyo, koma sanafe ndi bomba.

Chomwe chinandidyera nthawi ndi funso loti dokotala adziwa bwanji. Sindinafune kuti angoyang'ana n'kulosera ngati wamaula. Unandithandiza ndi mlandu weniweni wa Harry Dobkin. Mu Julaye 1942 anthu ochotsa zigumukire m'tchalitchi cha Baptist chomwe chinaphulitsidwa kum'mwera kwa London anapeza mafupa a mzimayi pansi pa mwala. Aliyense akanati ndi wa bomba. Koma dokotala wopima mitembo, Keith Simpson, anaona kuti kafupa ka pakholingo n'kothyoka monga kamathyokera munthu akakanyangidwa pakhosi. Wakuphayo anathira laimu pamtembo poganiza kuti audya msanga, osadziwa kuti mtundu wa laimu umene anagwiritsa ntchitowo umasunga mnofu. Kaundula wa dokotala wa mano anatsimikiza kuti anali Rachel Dobkin, amene anasowa mu Epulo 1941. Mwamuna wake, yemwe ankalondera moto pafupi ndi tchalitchicho, ananyongedwa ku ndende ya Wandsworth mu Januwale 1943.

Sindinakope mlanduwu, chifukwa telala wanga wapezeka atangofa kumene. Ndatengapo kafupa ka pakholingo kokha, n'kuwonjezerapo changa: m'mapapo mwake mulibe fumbi. Munthu amene nyumba yamugwera akadali wamoyo amapuma fumbi la njerwa ndi pulasitala. Uyu anali atasiya kale kupuma. Chiganizo chimenechi dokotala wanga amachinena mosakweza mawu, akusamba m'manja, ndipo ndime imeneyo ndi imene ndakhutira nayo kuposa zonse mpaka pano.

Mnzanga wina amene amandiwerengera zolembazi akuti wakuphayo akhale kazitape wa Hitler wotsika ndi parachuti. Ndakana, ndipo sindisintha. Kazitape wochokera kunja amapeputsa nkhani: ukamugwira, mudzi wonse umakhala wosalakwa. Chimene chinandikokera ku nthawi imeneyi n'chakuti chidani chinali cha pakhomo pomwepo. Oswald Mosley, amene anayambitsa chipani chodana ndi Ayuda chotchedwa British Union of Fascists mu 1932, sanali mlendo. Anali munthu wa banja lolemera la ku England, anakhalapo phungu wa chipani cha Conservative, kenako wa chipani cha Labour, mpaka kupatsidwa udindo m'boma la Labour mu 1929. Omutsatira ake ku Bethnal Green ndi ku Shoreditch, madera a kum'mawa kwa London komweko, anali anyamata a m'misewu yomweyo, ogula buledi pa shopu imodzi ndi Ayuda amene ankawatukwana. Wakupha wanga ndi mmodzi wa amenewo. Telalayo anamusokerapo suti ya ukwati.

Mutu umene ndili nawo panopa ndi wa Cable Street, msewu wa kum'mawa kwa London, ndipo ukundivuta mokoma. Pa 4 Okutobala 1936 Mosley anafuna kuguba ndi anthu ake a malaya akuda kudutsa m'dera la Ayuda. Khamu lalikulu linatseka njira: Ayuda, ogwira ntchito kudoko ambiri a iwo ochokera ku Ireland, achikomyunizimu, a mabungwe a antchito. Anagwetsa lole mumsewu, amayi ankaponya zinthu kuchokera m'mawindo. Ambiri amaganiza kuti tsikulo anthu anamenyana ndi a Mosley, koma ndewu yaikulu inali pakati pa khamulo ndi apolisi, amene ankayesa kutsegulira ogubawo njira ndi zibonga komanso akavalo. Pamapeto pake mkulu wa apolisi, Philip Game, anauza Mosley kuti abwerere. Patangotha sabata, anyamata a chipanicho anaphwanya mawindo a mashopu a Ayuda ku Mile End Road.

Ndiye ndamuika wapolisi wanga pamenepo, zaka zinayi nkhani isanayambe, ali konsitabulo wamba, chibonga chili m'manja. Anamvera lamulo, anamenya amene anauzidwa kuti amenye. Tsopano akugogoda pakhomo la mkazi wamasiye wa telala uja kukapempha kuti amukhulupirire, ndipo mayiyo akukumbukira nkhope yake. Sindikufuna wapolisi woyera mtima amene ankadana ndi a Mosley kuyambira kale. Ndikufuna munthu amene ankaona ngati zonsezo ndi phokoso la ndale chabe, losamukhudza, mpaka tsiku limene waima pafupi ndi tebulo la dokotala.

Nthawi ya nkhaniyi inandikakamiza kuganiza bwino za amene anali kunja kwa ndende. Mu Meyi 1940 boma linakulitsa lamulo lotchedwa Defence Regulation 18B, lolola kutsekera munthu popanda kumuzenga mlandu. Mosley anagwidwa pa 23 Meyi n'kupita ku ndende ya Brixton. Tsiku lomwelo anagwiranso Archibald Ramsay, phungu amene ankatsogolera kagulu kachinsinsi kodana ndi Ayuda kotchedwa Right Club. Masiku atatu izi zisanachitike anali atagwira Tyler Kent, kalaliki wa ku ofesi ya kazembe wa America, atamupeza ndi makope a mauthenga achinsinsi, kuphatikizapo a pakati pa Churchill wa ku Britain ndi pulezidenti Roosevelt wa ku America. Anthu mazanamazana a chipani cha Mosley anatsekeredwa, chipanicho n'kuletsedwa. Pofika Okutobala akuluakulu ambiri anali m'kati. Otsala anali ang'onoang'ono amene palibe anawalemba pamndandanda wa oyenera kugwidwa, aja ankayenda mumdima magetsi atazimitsidwa n'kumamata timapepala pamakoma tonena kuti nkhondoyi ndi ya Ayuda. Izi zandikomera kwambiri, chifukwa munthu wopanda mtsogoleri, wopanda msonkhano, wotsala ndi mkwiyo wake yekha, amandiopsa kuposa amene ali pa nsanja.

Zandipatsanso mkangano wa m'gawo lachiwiri. Mayina a mamembala a chipanicho ali ndi a Special Branch ndi a MI5, nthambi zofufuza mwachinsinsi za chitetezo cha dziko, ndipo m'nkhani yanga iwo sakufuna kuwapereka kwa wapolisi wa milandu ya kupha, chifukwa mwa anthu amene iye akuwakayikira muli wina amene amawabweretsera nkhani. Kwa iwo telala mmodzi si kanthu poyerekeza ndi chitetezo cha dziko. Bwana weniweni wa wapolisiyo naye akumufunsa chifukwa chake akutaya mafuta a galimoto pa mtembo umodzi pomwe usiku wapitawo afa anthu mazana. Yankho la wapolisi wanga sindinalilembe. Ndikufuna likhale lalifupi, la munthu wotopa amene sanagone.

Sabata ino ndikujambula mapu a misewu ya pakati pa Commercial Road ndi Cable Street, kuti ndiwerengere mphindi zimene munthu wonyamula mtembo pangolo angayende mumdima, kuyambira pomwe sayirini yalira mpaka pomwe ozimitsa moto afika pa nyumba yogumukayo. Ndikamaliza zimenezo ndilemba kukumana kwa wapolisi ndi mayi wamasiye uja, kenako ndidzaika ndime ziwiri kapena zitatu pano kuti mundiuze ngati mayiyo akulankhula ngati munthu weniweni.