Tinapita ku Ndata kukaphunzira za sola, tinabwerako tikukamba za ma atomu

Loweruka lapitali gulu lathu la achinyamata oika ma sola tinanyamuka pa Chitakale m'mamawa, phiri lisanavule nkhungu, ulendo wa ku yunivesite ya MUST ku Ndata. Tinalipo 14. Cholinga chinali kufunsa za mabatire ndi ma inverter, ndipo zimenezo tinamva ndithu. Koma chimene chandikhala pamtima ndi chimene anatisonyeza aphunzitsi ena a fizikisi titadya nkhomaliro.

Anatulutsa bolodi ya foni yakufa n'kutiloza ndi nsonga ya singano tizidutswa tabulauni, tochepa kuposa njere ya mpunga. Ma capacitor amenewo, tizipangizo tosunga magetsi kwa kanthawi, timawadziwa, timawataya tsiku lililonse. Anati ambiri mwa iwo mkati muli chinthu chonga mwala chotchedwa barium titanate. Mu chinthu chimenechi atomu ya titanium sikhala pakati penipeni pa malo ake, imapendekera mbali imodzi, choncho mwalawo uli ndi kumutu ndi kumiyendo mwachibadwa. Ukautenthetsa kupitirira madigiri a Celsius pafupifupi 120, kupendekerako kumatha.

Mapanelo athu a silicon satero. Amafuna zigawo ziwiri, china chothira boron china phosphorus, kuti dzuwa likagwedeza ma electron, tizinthu ta mu atomu tonyamula magetsi, malire a zigawozo awakankhire mbali imodzi. Barium titanate safuna malirewo, pakuti kupendekera kuja ndiko kumakankhira ma electron mbali imodzi.

Mnzathu wina anafunsa, "Aphunzitsi, nanga kuwala kukakhala kofooka koti sikungasunthe electron?" Anamwetulira. Anati mu 2022 akatswiri a ku Japan anawalitsa barium titanate ndi kuwala kwa terahertz, kosaoneka ndi maso, komwe mphamvu yake ndi yochepa kwambiri. Kuwalako kunangonjenjemeretsa ma atomu onse pamodzi, monga momwe timagwedezera lichero popeta, ndipo chifukwa cha kupendekera kuja magetsi anayenda. Anatenga lichero lenileni kukhitchini, anathiramo nyemba, n'kulipendeketsa pang'ono akuligwedeza. Nyemba zonse zinasefukira mbali imodzi.

Anatichenjeza kuti tisathamangire kuuza makasitomala. Magetsiwo ndi ochepa zedi, sangayatse ngakhale babu, ndipo pakadali pano angathandize kwambiri pa zipangizo zozindikira kuwala kwa terahertz. Ine ndikuona kuti anachita bwino kunena poyera, pakuti kumudzi kuno anthu apusitsidwa kale ndi mapanelo abodza.

Pobwerera pa msewu wa Midima mkangano wa lichero sunathe mu minibasi. Bolodi ija anandipatsa, ili pa tebulo langa pafupi ndi soldering iron.