Injini ikulira bwino, nanga chiwongolero?

Anzanga a kunyanja, ambirife tikamakonza injini ya boti timangofuna ilire tikakoka chingwe kamodzi, ndiye timathamangira mapulagi, petulo ndi oyilo basi, za chiwongolero timazikumbukira mwera utatipeza kale pobwera ku chilumba cha Mbenji boti litadzaza usipa. Ndipo mwera wa Juni ndi Julaye mukuudziwa, funde likamabwera cham'mbali umafunika handulo yomvera nthawi yomweyo.

Yambani ndi zomangira ziwiri zija zomwe zimagwira injini pa thabwa la kumbuyo. Injini ikamanjenjemera zimamasuka pang'onopang'ono, makamaka thabwa likakhala lonyowa kapena layamba kuwola, ndiye muzizimanga ndi manja ulendo uliwonse musanakankhe boti, mukayenda pang'ono muyesenso. Thabwa likafewa sinthani, kumangitsa sikungathandize. Mumangenso chingwe cholimba kuchoka pa injini kufika pa boti, injini ikadumpha isapite pansi pa nyanja.

Pa injini za Yamaha Enduro 15 ndi 40 zomwe zadzaza m'madoko athuzi pali kasikuluwu kolimbitsa kapena kufewetsa kakhotedwe ka injini. Ena amakamanga kwambiri kuti mkono upume paulendo wautali, ine izi ndimakana, handulo ikauma simungazembe funde kapena bwato la munthu usiku. Ikalobodokanso imakuthawani m'manja. Ikhale yoti mukukhota ndi dzanja limodzi osalimbana nayo. Ngati ikuumabe sikuluwu mutamasula, vuto ndi girisi, mchenga wa padoko ndi madzi zimalowa pomwe injini imazungulirapo, popani girisi wosasungunuka ndi madzi m'timabowo take mpaka wakale wakuda uja atuluke. Boti likamakokera mbali imodzi onani kachitsulo kali pamwamba pa pulopela ngati injini yanu ili nako, mwina kapindika kapena katha, makaniko amakakonza msanga.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi kachingwe kofiira kozimitsira injini. Madilaivala ambiri amangokakulunga pa handulo, eti kamasokoneza. Abale, mukagwa m'madzi kachingweko kasali pa mkono injini sizima, handulo imagwera mbali imodzi boti n'kumazungulira pomwe mwagwerapo, pulopela ikuyenda, anzanu ali kutsogolo ndi ukonde wa chilimira sangafike msanga kumbuyoko. Kamangeni pa mkono kapena pa mwendo, ndipo musananyamuke kakokeni muone ngati injini ikuzimadi. Nkhafi ziwiri zisasowe m'boti ngakhale injini ndi yatsopano.